Madzi a ku Chinyunyu, a mvula yoyamba ndi a m'nyanja: kodi makolo ankanena zoona?

Funso: "Ndimakhala ku Kapata, m'tauni ya Chipata, pamodzi ndi apongozi anga amene akuvutika ndi nyamakazi ya m'mawondo. Alamu anga oyendetsa thiraki anawabweretsera chigubu cha madzi a pa kasupe wotentha wa ku Chinyunyu, ndipo akumwa kapu imodzi m'mawa uliwonse. Iwo omwewo amasunga madzi a mvula yoyamba m'botolo, odonthezera ana m'maso akafiira. Tsopano mnzanga wina wamalonda wabwera ndi madzi a m'nyanja ya mchere kuchokera ku Dar es Salaam, akuti amatsuka m'mimba. Zikhulupiriro zimenezi zinachokera kuti, ndipo zilipo zoona? Sindifuna kukangana ndi apongozi pachabe."

Zikomo amayi. Ndiyambe ndi zoti muchite lero, mbiri ibwere pambuyo. Madzi a ku Chinyunyu apongozi anu asambe, athowere mawondo mmene angafunire, koma aleke kumwa. Madzi a m'botolo aja asalowe m'diso la mwana. A m'nyanjawo mnzanuyo akhale nawo, ndalama zanu mugulire ndiwo.

Koma musawayese osadziwa kanthu apongozi anuwo. Zimene akuchitazi madokotala otchuka a ku Ulaya ndi ku China ankazilemba m'mabuku, n'kumaphunzitsa ena. Ine ntchito yanga yakhala yoyendera zitsime ndi kuyeza madzi m'midzi ya kuno kum'mawa, ndipo ndikamawerenga zimene akale analemba, ndimaona kuti maso awo anali akuthwa kwambiri. Ankadziwa kuti madzi akuti amadwalitsa, akuti amapepuza thupi. Pamene ankaphonya kawirikawiri ndi pofotokoza chifukwa chake.

Zaka pafupifupi 400 Yesu asanabadwe, sing'anga wa ku Greece dzina lake Hippocrates ankalangiza kuti sing'anga akafika m'mudzi wachilendo afufuze kaye madzi amene anthu akumeneko amamwa. Abwino koposa, iye anati, ndi a kasupe wotuluka pamalo okwera, makamaka woyang'ana kotulukira dzuwa. A mvula anati ndi opepuka ndiponso okoma, koma sachedwa kuwonongeka, choncho aziwiritsidwa. A ayezi wosungunuka anawakana. Ndipo za madzi osayenda a m'madambo ndi m'zithaphwi analemba zimene aliyense wokulira ku chigwa cha Luangwa angazizindikire msanga: anthu akumwa madzi otere amakhala ndi kapamba wamkulu ndi wolimba, nkhope ndi mapewa n'zowonda, ndipo nyengo yotentha amagwidwa ndi kutsegula m'mimba komanso kutentha thupi kobwerezabwereza. Kapamba ndi kutentha thupi kumeneko ndi malungo, amayi. Mkuluyo anaona bwinobwino kuti nthendayi imakonda anthu a m'mbali mwa dambo, n'kuloza chala kumwa madziwo, pamene wolakwa ndi udzudzu woswana m'madzi omwewo. Panadutsa zaka zoposa 2,000 mpaka 1897, pamene Ronald Ross, ali ku India, anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu.

Ku China anafika nazo patali kuposa pamenepo. Li Shizhen, amene buku lake lalikulu la mankhwala linasindikizidwa mu 1596, anawerenga mitundu 43 ya madzi, 13 yochokera kumwamba ndi 30 ya pansi, uliwonse ndi ntchito yake. Mame a pamasamba a mitengo ina anali osambitsira maso kuti aziona bwino. Madzi oyamba kutungidwa pachitsime mbandakucha anali ndi ulemu wapadera. Madzi otsetsereka ndi mtsinje anali ophikira mankhwala a m'chiuno ndi m'mawondo, poti amapita kumunsi, pamene madzi ozungulira mobwerera kumtunda anali ophikira mankhwala osanzitsa. Mukumva kaganizidwe kake? Madzi akayenda chakuti, nthenda nayo iyenda chomwecho.

Kwathu kuno sitinalembe m'mabuku, koma maganizo ndi omwewo. Munamvapo asing'anga akulamula kuti madzi oviikira mizu akatungidwe kusanache, munthu wina asanapondepo pachitsime, kapena akhale a pa mathithi, kapena a m'phako la mtengo. Munamvapo wodwala akutengedwa kukasambira kumtsinje kuti nthenda itsike ndi madzi, kapena madzi amene wasambira akukatayidwa pa mphambano. Za madzi a mbandakucha chilipo choona pang'ono: usiku wonse palibe wavundula chitsime, matope adikha, madzi ayera. Koma tizilombo toyambitsa matenda sitidikha ndi matope.

Tibwere ku botolo la apongozi. Mvula ikamachoka kumwamba imakhala yoyera ndithu, apa Hippocrates sananame. Vuto ndi njira imene yadzera. Taganizani za denga la malata mwezi wa Okutobala, patatha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi osagwa dontho: fumbi la m'misewu, phulusa la lupsa, zitosi za nkhunda ndi mpheta, ndowe za abuluzi ndi makoswe. Chizimalupsa chikagwa chimakokolola zonsezo n'kuzithira m'ndowa. Ndiye pa madzi onse a mvula a chaka chonse, oyambawo ndiwo akuda kuposa ena. Kenaka atsekeredwa m'botolo, akhala kuseri kwa kabati miyezi, kukutentha. Diso lofiira ndi diso lotupa kale, silichedwa kulandira tizilombo tina. Maso ofiira ambiri a ana amapola okha pakapita masiku owerengeka, n'chifukwa chake botololi lili ndi mbiri yabwino m'banjamo. Likanapanda kukhalapo akanapolabe. Ngati mufuna kupukuta manthongo, wiritsani madzi, azizire, mupukute ndi kansalu koyera kuchokera chakumphuno kupita kunja, diso lililonse kansalu kake. Diso likamatuluka mafinya, mwana akamakana kuwala, kapena pakaoneka kadontho koyera pagalasi la diso, pitani ku kiliniki. Akakhala khanda losakwana mwezi ndipo maso akutuluka mafinya, pitani tsiku lomwelo, chifukwa khanda lotere likhoza kuchita khungu m'masiku ochepa. Madzi a mvula enieniwo musawataye mtima: isiyeni mvula itsuke denga kaye, kenaka tcherani, muwiritse kapena muthire klorini musanamwe.

Chikhulupiriro chimene chandivutitsa kwambiri pantchito si cha mvula ayi, koma chakuti madzi oyenda sadetsedwa, ndi chinzake chakuti madzi oyera ndi okoma ndiye abwino. Ku London mu 1854 kolera inapha anthu 616 m'dera limodzi la Soho. Dokotala John Snow anayenda khomo ndi khomo, napeza kuti ambiri mwa omwalirawo ankatunga pa mjigo umodzi wa mu Broad Street, umene anthu ankautama kuti madzi ake ndi okoma. Panali mayi wina wamasiye amene anasamukira kutali, ku Hampstead, koma chifukwa chokonda kukoma kwa madziwo ankachita kuwatumitsa m'botolo. Anamwalira ndi kolera, kudera kumene kunalibe mliriwo. Pambuyo pake kunapezeka kuti dzenje la zonyansa linali pafupi kwambiri ndi chitsimecho. Mukayenda m'makomboni athu mudzaona zomwezo: chitsime chosaya apa, chimbudzi apo, mapazi owerengeka pakati, ndipo dzinja likafika madzi a pansi amakwera n'kulumikiza ziwirizo. Mwini chitsime amakutungira m'kapu, n'kuinyamula kudzuwa, "Taonani nokha, mbee!" Inde mbee, koma kolera sioneka ndi maso. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'Zambia muno n'kupha oposa 700, mpaka sukulu zinachedwa kutsegulidwa.

Za kumtsinje nazo zili ndi mtengo wake. Munthu wopita kukasiya nthenda m'madzi akhoza kubwerako ndi likodzo. Tinyongolotsi take timachokera m'nkhono za m'madzi, makamaka m'mphepete mwa madamu ndi m'maiwe mmene madzi amayenda pang'onopang'ono, ndipo timalowa pakhungu, osafuna kuti munthu amwe. Theodor Bilharz anatipeza ku Cairo mu 1851, koma mpaka lero alipo akuluakulu amene mnyamata akakodza magazi amati ndiye wakula. Ameneyo akufunika mapiritsi a praziquantel. Madzi a m'damu akakhala m'ndowa masiku awiri, tinyongolotsito timafa, mukhoza kusamba.

Tsopano nkhani ya mawondo, imene ndikuona kuti ndiyo yakukhudzani kwambiri.

Aliyense woyenda pa basi kuchoka kuno kupita ku Lusaka amadutsa pa Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, musanafike ku Chongwe. Akasupe otere alipo angapo: ku Kapishya pafupi ndi Shiwa Ng'andu, ku Gwisho ku Lochinvar, m'chigwa cha Luangwa momwemu, ndiponso tsidya la malire ku Nkhotakota ndi ku Chiweta. Madziwo ndi mvula yomweyi. Imalowa pansi kudzera m'ming'alu ya miyala, n'kutsika kwambiri, ndipo pansi pa dziko kutentha kumawonjezeka ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse. Ikapeza mng'alu wina imakwera msanga isanazizire, itasungunula mchere wa mitundumitundu m'miyalamo. Kafungo konga ka dzira lovunda kamene mumamva pa akasupe ena ndi ka sulufule.

Anthu a mitundu yonse atapeza madzi otere anawayesa opatulika, ndipo sindiwadabwa. Aroma anamanga kachisi ndi malo osambira pa kasupe wa ku Bath, ku England, amene madzi ake amatuluka pa madigiri 46. Mu 1742 m'tauni yomweyo munatsegulidwa chipatala cha anthu obwera kudzasamba madziwo, ndipo pambuyo pake chinasanduka chipatala cha matenda a nyamakazi. Odwala ankapezadi bwino. Kutentha kumamasula minofu yokungika, magazi amayenda bwino pamalo opwetekawo, ululu umachepa. Munthu akamira mpaka m'chifuwa, madzi amamunyamula, bondo limapumula kusenza thupi, ndipo amatha kulipinda ndi kuliwongola mopanda kubuula. Onjezani kuti wachoka pakhomo, sakulima, sakusenza nkhuni, akugona mokwanira. Zonsezi ndi zoona, ndipo ochita mafizo m'zipatala amagwiritsabe ntchito madzi ofunda mpaka lero.

Koma taonani: mwa zonse ndatchulazi, n'chiti chimene chinalowa m'chigubu cha alamu anu? Kutentha kunathera panjira, asanafike n'komwe pa mlatho wa Luangwa. Chimene chafika ku Kapata ndi madzi ozizira okhala ndi mchere pang'ono. Akamwedwa amapita m'mimba, impso n'kuwatulutsa, ndipo palibe njira yoti akakonze chichereche cha m'bondo chimene chaperepeseka ndi zaka. Kapu imodzi siingawaphe apongozi anu, ndisakuopsezeni. Nkhawa yanga ili pawiri. Koyamba, simudziwa pamene anatungira. Pamene madzi akutulukira penipeni ndi otentha, koma chakumunsi, pamene afunda, ndi pamene anthu amasamba, kuchapa ndi kuviika zilonda. Simudziwanso kuti chigubucho chinasungapo chiyani pathiraki. Kachiwiri, akasupe otentha ambiri a chigawo chino cha Africa amakhala ndi fluoride, mchere wina wochokera m'miyala, wopitirira muyezo wa mamiligalamu 1.5 pa lita umene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika pa madzi akumwa. Fluoride wochuluka amathimbiriritsa mano a ana, ndipo kwa womwa zaka zambiri amaumitsa mafupa ndi mfundo, nthenda yake n'kumaoneka ngati nyamakazi yomweyo. Chigubu chimodzi sichingafikitse munthu pamenepo, koma chikasanduka chizolowezi, ndipo adzukulu nawo ayamba kupatsidwako, mwalowa m'mavuto osafunika.

Pali nthawi zina pamene akale analasa ndithu. Ku Epsom, ku England komweko, chaka cha chilala cha 1618, anthu anaona kuti ng'ombe zikukana kumwa pa kasupe wina chifukwa madzi ake anali owawa. Posachedwa kunadziwika kuti munthu akamwa amatsegula m'mimba, ndipo odzimbidwa anayamba kukhamukirako. Mchere wa m'madziwo ndi magnesium sulphate, ndipo lero uli m'chipinda cha amayi oyembekezera, kumene amaubaya mayi amene BP yakwera mpaka kuyamba kukomoka. Chimodzimodzi sulufule: mafuta ake amaphadi mphere, koma amene ali m'madzi a kasupe ndi wochepa kwambiri. Wamphere akasamba amamva bwino tsiku limenelo, usiku kuyabwa n'kubwerera. Mphere imafuna mankhwala opaka thupi lonse, banja lonse nthawi imodzi, zofunda n'kuchapidwa.

Madzi a m'nyanja nawo anakhalapo ndi dokotala wawo. Mu 1750 Richard Russell anasindikiza buku lonena kuti kusamba ndi kumwa madzi a m'nyanja kumachiza matenda a anabere ndi zotupa za m'khosi, ndipo olemera anathamangira ku Brighton, m'mbali mwa nyanja ku England, mpaka mudzi wa asodzi unasanduka tauni. Kuno kwathu, kumene nyanja ya mchere ili kutali, botolo lake limaoneka ngati chinthu chamtengo wapatali. Tiyeni tiwerenge. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere wokwana magalamu 35. Kapu imodzi ya tiyi, ya mamililita 250, ndiye kuti magalamu pafupifupi 9. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku lonse, kuphatikizapo wa m'ndiwo. "Kutsuka" kumene mnzanuyo akunena ndi mchere umene ukukoka madzi a m'thupi kulowa m'matumbo, munthu n'kutsegula kapena kusanza. Palibe chakuda chimene chatuluka, atuluka ndi madzi a thupi lake. Kwa munthu wa BP, wa impso, wa mtima kapena mwana wamng'ono, zimenezi zikhoza kumugoneka m'chipatala. Yerekezani ndi madzi a moyo amene timapatsa wotsegula m'mimba: theka la supuni yaing'ono ya mchere ndi masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga, mu lita yathunthu ya madzi owiritsa. Mchere wochepa chonchi ndi umene thupi limalandira.

Komabe m'nyanja munali chinsinsi chimene akale ankachinunkhiza. Aroma ankaona kuti anthu a m'mapiri a Alps amatupa pakhosi, n'kumati ndi madzi a kumeneko. Asing'anga a ku China ankachiza chithokomiro ndi zomera za m'nyanja, a ku Ulaya ndi phulusa la siponji wa m'nyanja. Zinkathandizadi, koma palibe ankadziwa chifukwa mpaka Bernard Courtois atapeza m'phulusa la zomera za m'nyanja mu 1811 ayodini, chinthu chimene thupi likachisowa khosi limatupa. Madzi a m'mapiri analibe poizoni. Nthaka ya kumeneko inali yosowa ayodini. Dziko la Switzerland linayamba kuthira ayodini mu mchere mu 1922, ndipo n'chifukwa chake paketi ya mchere imene mumagula pamsika imalembedwa kuti muli ayodini. Ayodini amene thupi lanu likufuna ali kale m'khitchini mwanu.

Simunafunse za madzi opempherera, koma m'mabanja ambiri nkhanizi zimayendera limodzi. Namani anamira kasanu ndi kawiri mu Yordano, Asilamu obwera ku Haji amanyamula madzi a pachitsime cha Zamzam ku Mecca, Akatolika amapita ku kasupe wa ku Lourdes, ku France, kuyambira 1858. Za chikhulupiriro cha munthu ine sindilowererapo, ngakhale ndimakonda kukumbutsa anzanga a kutchalitchi kuti wodwala wa pa thamanda la Betesda uja anachira osalowa m'madzimo. Pamene ndimalankhula mokweza ndi pamene botolo lalowa m'malo mwa mankhwala. Mu 1995 anthu miyandamiyanda, ena ochokera kuno ku Zambia, anakhamukira ku Machinga m'Malawi kukamwa mchape, mankhwala azitsamba a Billy Goodson Chisupe, amene ankati amachiza Edzi. Nthawi imeneyo ma ARV kunalibe m'zipatala zathu, ndipo munthu ungamvetse. Lero alipo, a TB alipo, a shuga ndi a BP alipo. Wofuna kuwaza madzi m'nyumba awaze, mapiritsi akumwabe.

Kwa apongozi anu, ine ndikanachita chonchi. Musayambe ndi kuwauza kuti madzi awo ndi achabe, ndipo nkhani yoti aleke kumwa madziwo ndi bwino aitule ndi amuna anu, mwana wawo. Inu tengani madzi a m'chigubumo, muwatenthetse pa mbaula, muviike thaulo, mufinye, muwathowe mawondo kwa mphindi 15 kapena 20 m'mawa asanayambe kuyenda, ndiponso madzulo. Yesani kutentha kwake ndi chigongono chanu, makamaka ngati ali ndi shuga, chifukwa anthu a shuga ena miyendo imachita dzanzi ndipo amapsa osamva. Mukatha kuthowa, akhale pampando, awongole mwendo, augwire m'mwamba kwa kanthawi, autsitse, kakhumi mwendo uliwonse. Minofu ya ntchafu ikalimba, bondo limapepukidwa. Chigubu chikatha, pitirizani ndi madzi a pampopi, ndipo mudzaona kuti mpumulo ndi womwewo. Ndodo aigwire kudzanja la mbali imene sikupweteka. Ngati akumwa ma Brufen kapena Diclofenac ogula pa kantemba tsiku ndi tsiku, akaonane ndi adokotala, chifukwa mapiritsi amenewa amakwapula chifu ndi impso za okalamba.

Pali bondo limodzi lokha losayenera kuthowa: lotupa mwadzidzidzi, lotentha mukaligwira, lofiira, mwini wake akumva malungo kapena akulephera kupondera pansi. Limenelo mwina muli mafinya mkati, kapena ndi gauti, nthenda yotupitsa mfundo mwadzidzidzi, ndipo kutentha kumangowonjezera. Apezereni galimoto apite ku chipatala tsiku lomwelo.